Laimu pa Chumuni cha Eni Ake

Thoko, tsika pa sutikesipo, uthyola zipi, ndipo agogo ako aakazi adzamalizira mkwiyo wawo pa ine. Chikondi, bwera ukhale apa. Mwafunsa agogo anu chimene amafera ndi phwete munthu akangotchula laimu, iwo akuti mufunse ine. Chabwino, ndikuuzani tisanabwerere kumudzi. Koma ndikamba m'Chichewa, ndipo wofuna kufunsa afunse m'Chichewa, osati Chingerezi chanu chotulukira m'mphunocho.

Inu madzi mumangopotoza mpope, otentha uku, ozizira uku, osafunsa n'komwe kuti awakankha ndani. Ine ndili mnyamata, nthawi ya Chitaganya, ndevu zisanaganize zomera, ndinalembedwa ntchito pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Anzanga anawatumiza kothyola tiyi. Ine kapitawo anangondiyang'ana mapewa n'kunena kuti, "Uyu kumpope." Kumpope kunali kumunsi, m'mbali mwa mtsinje, m'kanyumba ka njerwa. M'menemo munali boyila, chimphika chachitsulo chachikulu ngati chipinda chino, ndi makina okankha madzi kukwera phiri lonse mpaka kufakitale ndi kunyumba za mabwana. Dizilo ayi, magetsi ayi, moto ndi madzi basi. Madzi akawira, nthunzi imasowa kothawira, imakankha chitsulo, chitsulocho n'kukankha chinzake, madzi a mumtsinje n'kuyamba kukwera mtunda.

Ntchito yanga inali yosonkhezera moto. Zipika za bulugama, ana inu, zina zonenepa kuposa bambo anu, ndipo bambo anu si munthu wochepa. Kutentha kwake, malaya tinkavula m'mawa n'kudzavala poweruka. Koma panali zabwino zake. Chinangwa chootcha m'phulusa la boyila sindinachipezenso kwina kulikonse, musandiuze za uvuni wa mayi anu wolira ngati foni. Nyengo yozizira anthu ankadutsira dala kwathuko kudzawotha. Agogo anu aakazi ndinawaonera komweko. Ankabwera ndi phale kudzapala moto tsiku ndi tsiku, ngati kuti mudzi wawo wonse munalibe mbaula. Akumva kukhitchiniko, onani akhala chete.

Makina aja ankapuma ngati ng'ombe yogona, fuu, gu, fuu, gu. Akasintha kapumidwe, ngakhale agalu a pakomboni ankadzutsa makutu.

Tsono mvetsani ichi, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Kwathu kukamabwera mlendo wamkulu, timapaka laimu. Bwana wamkulu wa kampani akamabwera kuchokera kunja, esiteti yonse inkasanduka yoyera. Miyala ya m'mbali mwa msewu, laimu. Mitengo kuyambira pansi mpaka m'chiuno, laimu. Kanyumba kathu ka mpope, laimu. Mbuzi ikanagona nthawi yaitali pamalo amodzi ikanadzuka yoyera. Kusukulu kukabwera woyendera, chimodzimodzi, kutchalitchi kukabwera abusa aakulu, chimodzimodzi. Umenewo ndiwo ulemu umene ndinakula nawo. Mlendo sumulandira ndi mwaye pakhoma.

Magetsi atafika, makina athu anazimitsidwa, ine anandisamutsira kufakitale. Mukudziwa, kwathu chitsulo sichifa, chimangosintha ntchito. Chitseko cha ng'anjo chinakakhala chiwaya cha tchipisi pamsika. Chitsulo china anachikoleka pamtengo kusukulu, n'kukhala belu. Mapaipi amkuwa, aaa, amenewo anapita kwa amayi ophika kachasu, ndipo ndikumva kuti anagwira ntchito mokhulupirika kuposa kale. Njerwa nazo zinayenda imodziimodzi. Mayi anu ali mtsikana ndinapita nawo kuti akaone kumene bambo awo anathera unyamata. Tinapeza nthochi ndi thengo. Ndinkaloza pansi, "Panali apa, boyila inali apa," mwanayo n'kumagwedeza mutu mwaulemu chabe. Zinandipweteka, sindinama.

Tsono kuno ku Perth tinabwera kudzaona mng'ono wanu Mayamiko atangobadwa. Tinati tikhala pang'ono, tione mwana, tibwerere kukakolola. Mliri wa korona uja n'kugwa, malire n'kutsekedwa, ndege zii. Paja amati mlendo ndi mame, koma ine ndinasanduka mame okana kuuma. Mayi anu ankachoka kuntchito kwawo kuchipatala nkhope ili mizeremizere ndi masiki, n'kulowera kugalaja kuti akasambe kaye asanakukhudzeni. Bambo anu ankalawirira ku Malaga kowotcherera zitsulo. Agogo anu aakazi anali ndi khanda losambitsa, anali ndi khitchini yoti alande. Nanga ine? Kudya, kukhala, kuyang'ana pawindo. Ndinayesa kulima kapinga wa kuseriku kuti ndidzale nkhwani, mayi anu anatsala pang'ono kukomoka, akuti nyumba ndi ya lendi. Munthu amene ndagwira ntchito moyo wanga wonse, ndinafika pomawerenga magalimoto odutsa.

A boma atatilola kuyendayenda, bambo anu anati tikapitidwe mphepo kumapiri kuja, kudamu. Munalipo, koma inu munkangofuna ayisikilimu. Tikutsika galimoto ndinaona chumuni chachitali cha njerwa, mtima unangoti phaa. Titalowa m'nyumbamo, fungo! Girizi wakale ndi chitsulo chozizira. Ndinaima ngati ndamva mawu a malemu bambo anga. Makina opopa madzi a nthunzi, ana inu, ataliatali kufika kudenga, athu aja akanakhala mwana wake. Akuti ankakankha madzi kupita kumigodi ya golide, kutali kuposa kuchoka ku Thyolo kukafika ku Kasungu. Anasiya ntchito kalekale, koma palibe anazulapo ngakhale bawuti imodzi. Eni ake anangowasunga kuti anthu azidzaona.

Ndinangozindikira masiki yanyowa. Pambali panga panaima mdala wina wa kabudula, munthu wamkulu ndithu, maondo pamtunda ngati mwana wa sukulu. Ameneyo ndi a Roni. Anandifunsa ngati ndili bwino. Ndinati, "Ine ndinadyetsapo chilombo ngati ichi." Anati iwo ankagwira ntchito m'zipinda za injini m'sitima zapamadzi. Tinacheza mpaka inu munayamba kulira njala. Potsiriza anati, "Timakumana Lachinayi lililonse, madala okhaokha, kusamalira makinawa. Palibe malipiro, koma tiyi alipo. Dzina lanu ndani?"

Ndinati, "Layisoni."

"Chabwino, Layi. Tionana Lachinayi."

Layi! Ine agogo a anthu, mkulu wa mpingo, dzina langa kulidula mchira ngati la galu. Koma ndinalimeza, chifukwa ndinkafuna Lachinayi limenelo.

Ndipo Lachinayi linandibwezera umunthu. Ndinkadzuka m'mamawa, kusita ovolosi, kukwera sitima ndekha, a Roni n'kudzanditenga pasiteshoni. Moni wa pachigongono, kukhala motalikirana, tiyi ndi mabisiketi ouma ngati makungwa. Tinkakangana za mavavu, zotsekera nthunzi zija, ngati anthu okangana za mpira. Ndikabwera madzulo ndinali ndi nkhani yokamba patebulo, osati kumangomva za anzanga. Mukanandichotsera Lachinayi nthawi imeneyo, bwenzi mutandiika m'manda ndili moyo.

Chinthu chimodzi chokha chinkandisowetsa mtendere. Litsiro. Woyang'anira malowo anali mayi Heleni, munthu wabwino, woyankhula motsitsa. Anatipatsa magolovesi ndi timaburashi tofewa ngati tometera ndevu, n'kumati, "Fumbi lokha, musakweche." Zogwirira zili bii, tsinde la chumuni lili bii ndi mwaye, ife n'kumasisita ngati tikupukuta khanda. Ine mumtima ndinkati mayiyu akutimvera chisoni poona kuti ndife madala, akuopa kuti tingathyoke misana. Ndinkachita manyazi m'malo mwawo alendo akamalowa.

Kenaka a boma anatitsekeranso m'nyumba masiku angapo, mukukumbuka, nthawi ija munkaphunzira pakompyuta mutavala malaya a sukulu kumtunda, kumunsi zogonera. Atatsegula, mayi Heleni anatiuza kuti Loweruka kubwera alendo, akuluakulu a m'deralo ndi ena oona zosunga zinthu zakale. Anati, "Tiyeni malo athu aoneke bwino."

Ndinati mumtima, Ambuye mwandiyankha. Anthu awa andipatsa tiyi miyezi yonseyi, lero ndiwaonetse mmene timalandirira alendo kwathu. Sindinauze a Roni, ndinkafuna adzangoona. Ndinatuma bambo anu kuti andigulire thumba la laimu ku Malaga, iwo ankayesa n'zakudimba. Agogo anu aakazi anakokola phulusa pamene bambo anu amawotchera nyama, n'kusakaniza ndi mchenga, akuti zamkuwa zonse m'nyumbamo aziwalitsa ngati mapoto a mkwatibwi. Galimoto tinapempha mayi Tembo a kumpingo, a ku Zambia aja oseka mokweza.

Lachisanu m'mawa tinafika kulibe munthu. Chitseko cha nyumba ya makina chinali chokhoma. Agogo anu anadandaula kwambiri, atanyamula chidebe chawo cha phulusa. Ndinati musadandaule, panja pano ntchito ilipo. Tinasungunula laimu. Miyala ya m'mbali mwa njira, mbuu. Mitengo mpaka m'chiuno, mbuu. Amayi akuyimba nyimbo za kwaya, ine ndikutsogolera ndi burashi. Pomaliza ndinayang'ana tsinde la chumuni lija, lakuda ngati kunsi kwa mphika, ndinati iwe ndiye wandinyansa nthawi yaitali. Ndinalipaka kuzungulira, mpaka m'chifuwa mwangamu, mzere wowongoka bwino ngati ndayeza ndi chingwe.

Ana inu, pankaoneka bwino. Mpaka lero ndimanena, aliyense andimve, pankaoneka bwino!

Dzuwa lili pamutu, galimoto ya mayi Heleni inafika, a Roni ali momwemo. Ine ndinaima pambali pa chumuni, burashi m'manja, chifuwa patsogolo. Mayi aja anatsika, anayenda pang'ono, n'kuima. Anagwira kumutu ndi manja onse awiri.

"Layi, mwachita chiyani?"

Ndinati, "Musathokoze mayi, ndi ntchito yathu."

A Roni anatembenuka n'kuyang'ana kudamu, mapewa akugwedezeka ndi phwete. Mayi Tembo anandinong'oneza kuti, "Atate, manje apa zavuta. Onani nkhope ija."

Mayi Heleni sanakalipe, bola akanakalipa. Mawu akunjenjemera anati njerwa zimenezo n'zotetezedwa ndi lamulo, palibe amaloledwa kupakapo kanthu, ndipo mwaye umenewo ndi wakale kuposa ine ndi iwo. Anati sakudziwa kuti mawa akawauza chiyani alendo aja. Misozi inali m'maso.

Ine magazi anathamangira kumutu. Mukundidziwa. Ndinati, "Mayi, ine ndadzuka m'mamawa, ndabwera ndi mkazi wanga, takuchotserani manyazi, inu mukulirira mwaye? Mwaye! Kwathu mkazi akasiya mwaye pakhoma alendo akubwera, anthu amamuyimba nyimbo pamtondo." Agogo anu anandikoka malaya, "Bambo a Esinati, tiyeni." Ndinaponya burashi m'chidebe, laimu n'kundithovukira kumaso. Tinabwerera m'galimoto, chidebe cha phulusa chili pamiyendo pa agogo anu.

Loweruka sindinapite. Ndinamva kuti tsinde la chumuni analikuta ndi lona. Lachinayi linafika, ndinadzuka m'mamawa mwachizolowezi, n'kukhala pabedi ovolosi ili m'manja. Lachinayi lina linadutsanso. Pakamwa ndinkati sindingapite kwa anthu osayamika, koma zoona zake ndinkaopa. Ndinkaopa kukafika pasiteshoni n'kupeza palibe wodzanditenga. Ndinabwerera pawindo paja, ndipo chakudya chinasiya kukoma.

Agogo anu anapirira nane mpaka anatopa. Anati, "Bambo a Esinati, mwakhala ngati nkhuku yonyowa. Anakuuzani ndani kuti akuchotsani? Pitani mukamve ndi makutu anu. Ndipo tipita tonse, paja nanenso ndinayimba nawo."

Ndinati, "Ndikapepese chiyani? Kuyeretsa?"

"Mukapepese kuti munapaka nyumba ya eni osapempha. Kodi munthu atabwera kwanu n'kupaka nyumba yanu mtundu wa buluu, mungamuphikire tiyi?"

Ndinadzuka n'kukasita ovolosi yanga.

Tsono kwathu munthu sapepesa chimanjamanja, pamafunika nkhuku. Agogo anu anazungulira mashopu mpaka ku Northbridge kufunafuna nkhuku yamoyo, anthu n'kumawayang'ana ngati apenga. Mapeto ake tinagula yowotcha kale, ya m'thumba lotentha ija. Tinakwera sitima nayo, fungo lili thoo m'chipinda chonse. Titatsika, ndinaona kabudula uja ataima pamalo pake pa nthawi zonse. A Roni anati, "Ndakhala ndikubwera Lachinayi lililonse. Unali kuti, Layi?" Ndinayang'ana kumbali, ndinati kunali chimfine.

Agogo anu anagwada pamaso pa mayi Heleni, nkhuku m'manja. Mayi aja anasokonezeka, nawonso n'kugwada, awiriwo n'kumayang'anizana pansipo ngati ana osewera. Kenaka tinamva kuti mayiwo sadya nyama. Nkhuku yonse ya chipepeso inathera m'mimba mwa a Roni ndi madala anzawo, mafupa okha mbwee.

Zitatha zimenezo mayi Heleni anatsegula nyumba ya makina n'kutiitana tonse awiri. Anatitengera ku chitseko cha ng'anjo. Anati, "Layi, vulani golovesi. Lero lokha. Gwirani apa."

Ndinagwira chogwirira chija. Chinali chakuda, chosalala, ndipo chitsulo chinali chitadyeka mbali imodzi. Dzanja langa linangolowa lokha, chala chachikulu pamalo pake, zinazo pamalo pake. Ndinadziwa nthawi yomweyo mmene munthuyo ankaimira, phazi liti kutsogolo, nkhope atatembenuzira kuti pothawa moto. Ndinkaima chimodzimodzi ku Thyolo.

Mayi aja anati, "Amene anamanga makinawa mayina awo analembedwa pachitsulo apo. Koma amene ankasonkhezera moto, ambiri sitiwadziwa. Anatisiyira ichi, ndi mwaye uja panja."

Dzanja langa linakhalabe pomwepo. Amene anayankhula ndi agogo anu. Anati, "Mayo ine. Chitseko chija chikanakhala chotsegula, bwenzi nditawakwecha anthu amenewa ndi mchenga."

Ndiye tinayamba ntchito yochotsa laimu. Kupaka kunatenga m'mawa umodzi, kuchotsa kunadya nyengo yonse ya mvula ya kuno, mvula yozizira ija yobwera nthawi yolakwika. Madzi ndi timaburashi tofewa tija tinkatinyoza, njerwa imodziimodzi, ine ndi a Roni titakhala pa zidebe. Iwo ankati akadzamwalira ndidzawapake laimu kuti akafike kumwamba akuoneka bwino. Mwaye wina unapita limodzi ndi laimu, umenewo sitikanaubweza, ndipo ndikapayang'ana pamene panayera mtima umandiwawa. Miyala ya m'njira ija anaisiya yoyera, akuti okalamba akuona bwino popondapo. Mwamva? Pamenepo ndiye ndinawina ine.

Panatsala mbali yoyang'ana kudamu, pansi penipeni. Laimu analowa m'mizere ya pakati pa njerwa n'kukana kutuluka. Ndinalimbana napo, ndinabwerezabwereza, osatheka. Tsiku lina ndinatulutsa msomali m'thumba kuti ndikolokose. Ndinangomva mawu kumbuyo, "Layi, siyani."

Ndinati, "Mayi, ndimalize. Ndinaipitsa ndine."

Anati, "Mukakolokosa mugumula dothi logwira njerwa. Pasiyeni choncho. Inunso munagwirapo ntchito pano." Anayang'ana mizere yoyera ija kanthawi, n'kunena kuti, "Ndipo wina akadzabwera ndi burashi yake kuti apachotse, ndidzamuletsa monga ndinakuletserani inu."

Ndinabweza msomali m'thumba. Ndinavula chipewa.

Sabata yamawa ife tikukwera ndege, ndipo pa msinkhu wangawu sindikulonjezani kuti ndidzabweranso. Mukadzakula n'kukhala ndi ana anu, oyankhula Chingerezi cha m'mphuno kuposa chanuchi, mudzapite nawo kumapiri kuja. Mudzalowe, muone makina, mumve fungo. Mukatuluka mudzazungulire kuseri kwa chumuni, mbali ya kudamu, n'kuwerama. Mudzaona timizere toyera pakati pa njerwa zakuda. Mudzawauze kuti agogo anu a Layisoni, osonkhezera moto a ku Thyolo, anafika pano. Ndipo mudzawagwire manja anawo, asadzapakande.